Anamenyedwa ndi Simbi

Apongozi anasiya kuyankha moni wa Manambala tsiku limene kunyumba kuja kunafika mayi wochokera kuchipatala, chikwama chakuda chili m'khwapa, n'kupempha kuti alankhule ndi Mkwatibwi pawiri. Mayiyo sanalowe n'komwe. Apongozi anamubwezera pageti pomwepo mwaulemu, kuti wodwala ali mtulo, iye n'kusiya mawu oti adzabweranso. Koma oyandikana nawo anali atamuona kale, ndipo mayi wa nyumba yoyang'anizana nayo anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati m'banjamo muli mtendere. Funso limeneli ndi limene linawalasa apongozi.

Nyumbayo inali yaitali, ya makomo atatu pakhonde limodzi. Khomo lapakati linali la apongozi, amene amuna awo anamwalira kalekale. Kumanja kunkakhala mwana wawo woyamba, kalipentala wosakonda zolankhulalankhula, ndi mkazi wake Manambala. Kumanzere kunali Mzime, mwana wotsiriza, ndi mkazi wake amene aliyense ankangomutchulabe kuti Mkwatibwi ngakhale chaka chinali chitatha chikwatiwire. Khitchini inali imodzi, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo zovala chimodzi. Munthu akatsokomola mbali ina, mbali inayo ankamva.

Dzina loti Manambala anamupatsa ndi Mzime yemweyo, atamva kuti mlamu wake amagwira ntchito kuchipatala koma sabaya jekeseni kapena kumanga bala. "Ndiye mumachiza chiyani, alamu? Mapepala?" Dzinalo linakanirira, mwini wake n'kungolilandira.

Ofesi yake inali kuseri kwa chipinda cholandirira mankhwala, ya zenera limodzi loyang'ana khoma. Mafayilo a odwala otuluka ankabwera pa ngolo yachitsulo. Iye ankawerenga zimene dokotala walemba, n'kupatsa nthenda iliyonse nambala yake mu kompyuta. Malungo ali ndi nambala, mapasa ali ndi nambala, kulumidwa ndi galu kulinso ndi yake. Munthu wovulala amalandira ziwiri. Yoyamba imanena chimene chathyoka. Yachiwiri imanena mmene zinachitikira: mwangozi, pomenyedwa ndi munthu, kapena podzivulaza yekha. Dokotala akalephera kudziwa, pali nambala ya zosadziwika.

Fayilo ya Mkwatibwi itafika pa ngolo ija, Manambala anaona dzina n'kuikankhira kwa mnzake wa tebulo loyandikana, pakuti lamulo silimulola kugwira ya wachibale. Mnzakeyo, mayi wa magalasi okhuthala amene ankawerenga mong'ung'udza, anafika pa mzere wina n'kuima.

"Nthiti zakumanzere zathyoka. Wodwala akuti, ‘Ndamenyedwa ndi simbi.’ Wachibale akuti inagwa pamwamba pa wadiropu. Dokotala akuti bala ndi nkhani sizikugwirizana kwenikweni." Anavula magalasi. "Ka ‘ndi’ aka kamativuta. Munthu amamenyedwa ndi chitseko, chitseko chilibe mlandu. Amamenyedwanso ndi ndodo, koma ndodo siyenda yokha. Nanga simbi ili mbali iti?"

Kenako anakumbukira mwini fayiloyo, n'kutseka pakamwa. Analemba Y29: kuvulala ndi chinthu chobuntha, sizikudziwika ngati ndi mwadala kapena mwangozi. Pachipatala paja, nambala imeneyi ikalembedwa dzina la wodwala linkapita ku ofesi ya mayi wa chikwama chakuda uja, woona za nkhanza za m'banja.

Tsiku lotsatira kubwera kwa mayi uja, apongozi anamuitana Manambala atangovula nsapato za kuntchito. Anali atakhala pampando wa malemu amuna awo, manja ali pamiyendo.

"Takhalani apo. Ndamva kuti mayi uja sangoyenda m'makomo mwa anthu. Amatumidwa ndi nambala. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, amayi."

"Nanga manambala m'chipatala muja amalemba ndani?"

"Tilipo angapo. Ya mng'ono wangayu analemba mnzanga."

"Mnzanuyo amakhala kutali?"

"Tebulo lake lagundana ndi langa."

"Basitu! Mawa mulawire, mukafike iye asanabwere, mukafufute. Mukalembe kuti ngozi. Simbi inagwa pawadiropu. Ndinauza dokotala ndi pakamwa pangapa."

"Munamuuza inuyo, amayi. Mwini wake sananene zimenezo."

"Mwini wake anati wamenyedwa ndi simbi, ine ndili pomwepo. Simbi ndi munthu? Mukufuna apolisi adzamange simbi maunyolo?"

"Nambala ija sikuloza munthu chala. Ikungonena kuti sizikudziwika."

"M'nyumba mwanga mulibe zosadziwika!" Apongozi anamenya dzanja la mpando. "Lamlungu likubwerali kutchalitchi akusankha akulu a mpingo, ndipo dzina la mlamu wanu lili patsogolo. Suti ndamugulira kale. Ndiye anthu aziona azimayi a zikwama akugogoda pageti panga? Tamverani. Likafika Loweruka nambala ija isanasinthe, mukumbukire kuti khomo lakumanja lija ndinamanga ndine ndi malemu amuna anga. Inu munangobwera ndi sutikesi."

"Sindikafufuta, amayi."

Anayankha ndi mawu omwe ankayankhira akafunsidwa ngati tiyi wapsa. Apongozi anamuyang'ana ndwii, ngati waona mphaka akulankhula. Manambala anaweramitsa mutu mwaulemu n'kutuluka. Ali pakhonde anamva chitseko chikumenyetsedwa kumbuyo kwake, mpaka kalendala ya pakhoma inagwa.

Anakapeza mwamuna wake ali kushedi kuseri kwa nyumba, akupala thabwa, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Anali atamva zonse, pakuti m'nyumba muja munalibe chosamveka.

"Mayi," anatero maso ali pathabwa, "amayi akalamba. Mtima wawo si wabwino masiku ano. Kanambala kamodzi kangaphe munthu?"

"Kangathe, bambo. Mafayilo a ngozi ndawerenga ambiri. Lero mayi wagwa pamasitepe. Mwezi wamawa wadzigunda kuchitseko. Kenako waterereka m'bafa. Fayilo imangonenepa, ngozi zokhazokha, mpaka imabwera komaliza ili ndi kapepala kakumochale."

"Mng'ono wanga si munthu wotero."

"Ine sindinatchule mng'ono wanu." Anayandikira. "Ndikufunseni kanthu kamodzi. Simbi ija imakhala pati? Mashelefu a m'nyumba muja munakhoma ndinu."

Kalipentala anapitiriza kupala thabwa limene linali litasalala kale, timapalo tikugwera pamapazi pake. Manambala anadikira. Anamukonda munthuyu chifukwa cha kufatsa kwake, koma tsiku limenelo kufatsako kunamutopetsa.

"Akandithamangitsa, inu mudzatsala?"

"Sizifika pamenepo."

"Zikafika?"

Thabwa lokha ndi limene linkalira.

Lachinayi anabwerako msanga kuntchito, apongozi ali ku msonkhano wa amayi. Anapeza Mkwatibwi atakhala pakandowa pampopi, akuchapa ndi dzanja limodzi, kupuma kwake kuli kwafupikufupi ngati kwa mwana wa nkhuku.

"Iwe, ukutani? Dzuka."

Anamulowetsa m'chipinda n'kumukweza bulawuzi. Chifuwa chonse chinali chitakulungidwa ndi nsalu, yomangidwa mfundo yolimba kumsana.

"Amayi akuti nthiti zikamangidwa zimalumikizana msanga, achemwali."

"Zimalumikizana zokha. Ukazimanga chonchi sungapume mokwana, mapeto ake ndi chibayo. Anamwino sanakuuze?"

"Ananena. Kapepala kake anatenga amayi."

Manambala anamasula mfundoyo ndi mano. Pansi pa nsalu panali chikhungu chakuda chosakanikirana ndi chikasu, chachikulu ngati mbale, ndipo mbali imodzi chinathera mosongoka. Anatenga pilo n'kumuikira pambali pothyokapo.

"Ukafuna kutsokomola, kumbatira iyi. Uzipuma mpweya wambiri pafupipafupi, ngakhale ziwawe. Ndowa usanyamule. Ndipo undimvetsetse apa: nthiti zathyokazi zaphimba kapamba. Nthawi zina kapamba amachita kudikira masiku kuti ayambe kutaya magazi. Ukamva chizungulire, kapena phewa lakumanzere likayamba kuwawa popanda chifukwa, usapirire. Undiitane, kaya ndili kuti."

Mkwatibwi anakumbatira piloyo, misozi n'kuyamba kutsika.

"Achemwali, ingolembani zimene akufunazo. Chonde. Amene ndikuvutika ndine. Akuti ndinachita dala kulankhula zokhotakhota kwa dokotala, kuti ndiwachititse manyazi."

"Unalankhula zokhota?"

"Ndinayamba kunena bwinobwino. Amayi anali kumiyendo kwa bedi, atandigwira phazi. Anangolifinya pang'ono. Ndiye ndinalekezera pa simbi."

Manambala anakhala pambali pake, bedi n'kulira.

"Sindikufunsa zambiri, ndipo sindikuuza chochita. Moyo ndi wako. Koma ndikalemba kuti ngozi, mayi uja sadzabweranso, nkhani idzakhala yatsekedwa ndi dzanja langa. Mmene ililimu, nambala ija ikudikira iwe. Idzadikira mpaka tsiku limene udzafune wekha."

"Akuthamangitsani."

"Sutikesi ndili nayo. Andikumbutsa kale."

Mkwatibwi anayamba kuseka misozi ili m'maso, kusekako n'kumulasa m'nthiti, n'kukumbatira pilo.

Loweruka masana apongozi anasonkhanitsa banja pakhonde. Anatulutsa mipando, iwo n'kukhala pakati. Mzime anakhala kumanzere kwawo, miyendo atapingasa, ndevu zitametedwa mwatsopano. Suti inali itapachikidwa pachitseko, ikadali m'pepala lake la pulasitiki. Kumapeto kwa khonde Mkwatibwi anali ataimirira patebulo akusita malaya oyera oti mwamuna wake avale mawa. Simbi yake inali yomwe ija.

"Lero ndi Loweruka," anatero apongozi. "Tiuzeni."

"Nambala ili momwe inalili, amayi."

Mzime anamwetulira, n'kulankhula ndi mawu ake a kutchalitchi, ofewa ngati mafuta.

"Alamu, ine sindikusungirani chakukhosi. Ndimakupemphererani tsiku lililonse. Ndikudziwa kuti ntchito ya mapepala imaumitsa mtima."

"Musataye mapemphero pa ine, alamu. Wothyoka nthiti ndi uyo wamuimika apoyo."

"Mkazi wanga akusita mwa kufuna kwake. Si choncho, mayi?"

"Eya," anayankha Mkwatibwi osatembenuka.

"Mwamva? Ndiye vuto lanu n'chiyani? Nsanje? Achimwene, mkazi wanuyu simumuuza malo ake?"

Kalipentala anali atakhala pa sitepe, akuyang'ana zikhadabo zake.

"Malo anga ndikuwadziwa," anatero Manambala. "Ndi patebulo paja, pamene ndimalemba zimene dokotala wapeza, osati zimene apongozi anga alamula. Sindinanene kuti mwamenya munthu. Nambala nayonso sinanene. Ndiye mukuiopa chiyani? Ngati simbi inagwa yokha, mulekeni mayi uja alowe, akhale ndi mkazi wanu pawiri. Nkhani ithera pomwepo."

Apongozi anaimirira. Zaka zonsezo ankamulankhula ndi "inu", monga mmene mpongozi amayenera. Tsiku limenelo ulemuwo unathera pakhosi.

"Iwe! Ukuyankha ndani choncho? Ndinakulandira m'nyumba muno, ndakupirira zaka zonsezi. Anzanga akunyamula zidzukulu, iwe wangondiberekera manambala! Lero ukufuna undiphere ndi mwana amene ndinabereka ndekha?"

Mawuwo anamupeza pamene ankamupeza nthawi zonse. Manambala anamva kutentha kukukwera kumaso, misozi n'kudzaza. Sanaipukute, ndipo sanagwetse nkhope.

"Zimenezo mwanena kale kambiri, amayi, ndipo zimandipwetekabe. Koma sindikafufuta."

"Ndiye longedza!"

Pamene Manambala ankatembenuka kuti alowe m'nyumba, maso ake anagwera kwa Mkwatibwi. Mtsikanayo anali atasiya simbi, akudzisisita phewa lakumanzere. Milomo yake inali itatuwa, thukuta lili waliwali pamphumi.

"Phewa limenelo layamba liti?"

"M'mawa, achemwali. Ndimati mwina ndagonera…"

Sanamalize. Mawondo anapinda, n'kutsetserekera pansi, mutu n'kugunda mwendo wa tebulo. Nthawi yomweyo fungo la nsalu yopserera linadzaza khonde.

Mzime ndiye anayamba kudumpha. Anathamanga, n'kulumpha miyendo ya mkazi wake, n'kuchotsa simbi pamalaya.

"Malaya anga! Taonani zimene wachita! Kachiwirinso!"

Mawu omalizawo aliyense anawamva, ngakhale apongozi. Kalipentala anadzuka pa sitepe pang'onopang'ono, akuyang'ana mng'ono wake ngati munthu amene wakumana naye koyamba. Kenako anawerama n'kunyamula Mkwatibwi m'manja.

"Mugonekeni chagada, miyendo ikhale pamwamba," anatero Manambala, akutsekula kumbuyo kwa galimoto yonyamulira matabwa. "Akutaya magazi m'kati. Fulumirani, bambo!"

"Mum'patse madzi a shuga, ndi njala imeneyo!" apongozi anakuwa.

"Asamwe kanthu!"

Mzime anathamangira kugeti n'kuima pakati, malaya opserera akadali m'manja.

"Kuchipatala kuja sapita. Kuli kachipatala kena kumsikaku, akamupatsa diripi. Uyu ndi mkazi wanga, ndikunena ndine."

Manambala anatsika pagalimoto n'kumuyandikira mpaka anamva fungo la mafuta ake ometera.

"Kumsika kulibe opaleshoni. Chokani pageti, alamu. Mukapanda kuchoka ndikuwa mpaka msewu wonse utuluke, ndipo akafera pano nambala yake sikhalanso ya zosadziwika."

Kalipentala analiza injini, n'kutulutsa mutu pazenera.

"Choka," anatero.

Anali asanamulankhulepo mng'ono wake motero chibadwire. Mzime anachoka.

Kuchipatala anamulandira mothamanga. Anamujambula pamimba, n'kupeza magazi atadzaza, n'kumulowetsa ku opaleshoni dzuwa lisanalowe. Kapamba anali atang'ambika, ndipo anamuchotsa. Namwino wina amene ankamudziwa Manambala anamugwira mkono pakhonde la wodi n'kumuuza kuti akanachedwa pang'ono, bwenzi akulankhula zina.

Lamlungu masana, nthawi yoona odwala, Mkwatibwi anali atatsitsimuka. Anagona chotsamira mapilo, thumba la magazi likudontha pamwamba pake. Apongozi anabwera atavala za kutchalitchi, n'kukhala kumiyendo kwa bedi monga tsiku loyamba lija. Mzime sanabwere. Anali kosankha akulu a mpingo, atavala suti yake ndi malaya obwereka.

Kunafika dokotala, mtsikana wamtali wa maso otopa, ndipo pambuyo pake panali mayi wa chikwama chakuda.

"Achibale, tikupempheni mutuluke pang'ono. Tikufuna tilankhule ndi wodwala."

"Asatuluke," anatero Mkwatibwi. Mawu ake anali aang'ono koma omveka. "Amve."

Dzanja la apongozi linayenda pabulangete kufunafuna phazi. Mkwatibwi anakoka mwendo wake, nkhope itakwinyika ndi ululu, n'kuupinda kutali.

"Adokotala, tsiku lija ndinati ndamenyedwa ndi simbi. Sindinaname, koma sindinamalize." Anapuma, akuyang'ana kudenga. "Ndinamenyedwa ndi simbi, ndi mwamuna wanga. Kolala ya malaya ake inali itapserera pang'ono. Ndipo sikanali koyamba. Kungoti kale ankagwiritsa manja."

"Ndi mankhwala ogonetsa awa!" apongozi anakuwa, odwala a mabedi ena n'kutembenuka. "Sakudziwa chimene akunena! Adokotala, ine ndine mayi wamkulu, sindinganame. Simbi inagwa pawadiropu!"

"Amayi."

Anali Kalipentala. Anali ataima pafupi ndi zenera, chipewa chili m'manja, akuchipotokola.

"Wadiropu ya m'chipinda muja ndinapanga ndine. Imagunda kudenga, pamwamba pake sipangalowe ngakhale dzanja. Shelefu ya simbi ndinakhomanso ndine. Imalekeza m'mawondo." Anasiya kupotokola chipewa. "Ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba. Phokoso lake ndinalimva ndili kushedi."

Apongozi anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana Manambala, kenako anatola chikwama chawo n'kutuluka m'wodimo akulira mokweza, nsapato zikugogoda mpaka kumapeto kwa khonde. Dokotala anatsekula fayilo n'kulemba. Mayi wa chikwama anakoka mpando, n'kukhala pafupi ndi mutu wa Mkwatibwi, n'kupempha ena onse kuti tsopano atulukedi.

Panja, mwamuna ndi mkazi anakhala pabenchi osayang'anana.

"Munamva," anatero Manambala.

"Ndinamva."

"N'kupitiriza kupala matabwa."

"Eya."

Sanapepese ndi mawu ambiri, ndipo mkazi wake sanamuthandize kuwapeza. Anangokhala choncho mpaka belu lotulutsa alendo linalira.

Mzime anasankhidwadi Lamlungu lija, koma ukulu wake sunafike Lamlungu linalo. Apolisi anakamumanga kuntchito pakati pa sabata, ndipo abusa anatumiza uthenga woti ayambe wapuma. Azakhali ake a Mkwatibwi anafika ndi basi, n'kuyala mphasa pansi pa bedi la m'wodi, n'kunena kuti mwana wawo akatuluka apita naye kwawo.

Fayilo itabweranso pa ngolo yachitsulo, inali itanenepa. Manambala anaikankhira kwa mnzake monga poyamba. Mayi wa magalasi anawerenga mwakachetechete ulendo uno, mpaka pa mzere watsopano wa dokotala.

"Ndodo ija yapeza mwini wake," anatero motsitsa mawu.

Anachotsa Y29 n'kulemba Y00: kumenyedwa ndi munthu, pogwiritsa chinthu chobuntha. Manambala anamva kulira kwa mabatani atatu, n'kutenga fayilo yotsatira, ya mwana amene anameza ndalama yachitsulo.

Madzulo a tsiku limenelo anapeza katundu wake ali pakhonde. Sutikesi ija inali pamenepo, pamodzi ndi zovala zokulungidwa m'nsalu ya pabedi, nsapato zitaponyedwa pamwamba. Apongozi anali ataima pakhomo lapakati, maso atatupa, mpango utapendekeka.

"Wakhuta tsopano? Mwana wanga wagona pasimenti chifukwa cha iwe. Unalemba, wasangalala!"

"Sindinalembe ine, amayi. Analemba ndi iyeyo, pa nthiti za mwana wa eni. Ine ndinangokana kufufuta."

"Choka! Ndisadzakuonenso pakhomo pano!"

Manambala anawerama n'kuyamba kulongedza bwino nsapato zake, imodziimodzi. M'nyumba muja anakhalamo zaka zake zonse zaukwati. Maluwa a m'zitini pakhondepo anadzala yekha, makatani anasoka yekha. Analira pang'ono, chamumtima, nkhope itayang'ana sutikesi.

Kenako anamva chinthu cholemera chikuikidwa pansi pambali pake. Linali bokosi la zipangizo, la macheka ndi nyundo. Kalipentala anabwerera kushedi, n'kutulukanso atasenza benchi yake yopalira matabwa, n'kukaikweza pagalimoto.

"Iwe, ukutani?" anafunsa apongozi. "Ndathamangitsa uyu, osati iwe!"

"Ndapeza zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya utoto, amayi. Ndizibwera kudzakuonani. Mankhwala anu ndizibweretsa monga kale. Mpopi ukadontha munditumire uthenga."

"Ukusiya mayi ako chifukwa cha mkazi wosabereka?"

"Ndikupita ndi mkazi wanga."

Apongozi anadzigwira pamutu n'kuyamba kulira ngati pamaliro, akutchula malemu amuna awo, akuti alandidwa ana onse awiri nthawi imodzi. Mayi wa nyumba yoyang'anizana anali kale pampanda. Atamuona, apongozi anadula kulirako, n'kulowa m'nyumba, n'kumenyetsa chitseko.

Katundu atakwera yense, Manambala anabwerera pakhonde. Anasankha chitini chimodzi cha maluwa n'kuchinyamula, zinazo n'kuzithirira madzi. Khomo lakumanzere linali lotsekula, ndipo m'katimo simbi ija inali itabwezedwa pashelefu yake, pafupi ndi pansi, chingwe chitakulungidwa bwinobwino. Anaiyang'ana kamphindi, kenako anapita pakhomo lapakati, n'kugogoda kamodzi, n'kupinda mawondo pang'ono monga ankachitira m'mawa uliwonse.

"Tsalani bwino, amayi."

Ulendo uno sanadikire yankho.